Usakandilembere Zoseketsa, Hilda

Kwathu kuno,
Lachitatu masana

Hilda,

Za moyo sindikufunsa, chifukwa ndakuona ndekha m'mawa uno ukumaliza mbatata zitatu, pakamwa pomwepo pakutafuna, pomwepo pakulankhula. Ukudabwa kuti amako akukulemberanji kalata pamene tikugona nyumba imodzi. Yankho ukulidziwa. Ine ndi iwe tikayamba nkhani, mawu achitatu tayambana, achinayi wina wamenyetsa chitseko. Komanso zimene ndikufuna kunenazi si za pakhonde. Mpanda wathu ndi wa bango, ndipo bango silisunga mawu. Ndiye pamene wapita kukatsanzika azakhali ako ku Nkopola, ine ndang'amba mapepala m'kope lako lakale, ndakhala pansi. Ukabwera ukawerengere kuchipinda, mpaka pansi, osadumpha monga umachitira ndi buku la Levitiko. Ukatha undibwezere m'manja mwanga. Pepalali silikwera nawe basi mawa.

Ndakwiya, Hilda. Ndiyambire pamenepo. Dzulo amayi a kutchalitchi anabwera kudzatsanzikana nawe, wina ndi usipa wouma, wina ndi chitenje, wina ndi pemphero lalitali. Anakufunsa kuti, "Kodi aphunzitsi athu, mukakafika ku Zimbabweko muzikatikumbukira?" Funso laulemu, ndipo yankho lake ndi lodziwika: "Eya amayi, muzindipempherera." Basi. Iwe unati chiyani? Unati, "Ndizikakulemberani zonse, paja kumeneko pakamwa sagulira khadi." Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mkazi wa a Matola, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzi muno, sanaseke ndipo sanayang'ane pansi. Anayang'ana ine. Ndinakuponda phazi kuti ukhale chete. Iwe, mwana amene aphunzitsi athera choko zaka zonsezi mpaka kukoleji, unakuwa pagulu kuti, "Amayi, mukundiponda!" Mumtima ndinangoti Ambuye, nditengeni lero lomwe, mawa ndi kutali.

Usandiuze kumene unalitenga lilime limenelo, ndikukudziwa. Ndinakubala ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndili Fomu 2, ndipo mpaka lero pamsika amatifunsa kuti wamkulu ndani. Nkhope unatenga ya abambo ako, umenewo si mlandu wanga. Koma lilimelo ndi langa, n'chifukwa chake ndikuliopa. Kukoma kwake ndikukudziwa. Mawu akabwera pakamwa atanoleka kale, anthu ali chete kudikira, kuwameza kumawawa ngati munga wa chambo pakhosi. Ine ndinalephera kumeza, ndipo lero ndikuuza zimene zinatsatira, ngakhale zina ndinalumbira kuti ndidzapita nazo kumanda.

Utangosiya kuyamwa, sukulu ya pamudzi pano inasowa mphunzitsi, ndipo ananditenga kuti ndizithandiza Sitandade 3. Ndinkaikonda ntchito imeneyo kuposa mmene ndinakondera mwamuna aliyense. Ahedi a nthawi imeneyo anali ochokera kumapiri kutali, nyanja anaidziwira pa mapu. Tsiku lina pa asembule, ana onse ali pamzere, anati, "Ana inu muzinyadira mtsinje wa Shire, chifukwa ndi umene umathira madzi m'nyanja yanuyi." Ine ndili kumbuyo ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha: "Ayi ahedi, Shire sathira, amatunga. Ponyani bango pa boma muone ngati libwere kuno kapena lipite ku Malombe." Ana a asodzi, amene zimenezi anazidziwa asanamere mano, anagwa ndi phwete. Pofika masana munthu wamkulu anali ndi dzina latsopano, Che Shire. Teremu itatha anandiuza mwaulemu kuti malo anga abwera mwini wake wa setifiketi. Mwini wakeyo anafika patatha zaka ziwiri. Nthawi yonseyo ana ankangokhala pansi pa mtengo kujambula mumchenga. Ndinkanena zoona, inde. Shire mpaka lero akutsikabe kumene ndinanena. Koma zoonazo zinaphunzitsa mwana wa yani kuwerenga?

Ndiye tamvera. Kumene ukupitako mlendo ndi iwe. Che Shire wa kumeneko ukakhala iwe. Ukanena chinachake chimene mwana aliyense wa kumeneko akudziwa kuti si choncho, ndipo akakuseka m'chilankhulo chimene sukuchimva. Ukayambe ndiwe kuseka, kenako uwafunse akuphunzitse. Sabata yoyamba usathamangire kuonetsa kuti unakhoza bwino kukoleji. Loweza mayina a ana, ngakhale akupinde lilime. Phunzira moni wawo, uzipereka kwa ophika ndi kwa alonda usanapereke kwa ahedi, chifukwa tsiku lodwala amene adzakuphikire phala si ahedi. Ndipo ahediwo akalakwitsa, poti adzalakwitsa, dikira ana atuluke, ugogode, utseke chitseko, uyambe ndi "mwina ine ndi amene sindinamvetse." Ndikudziwa, ukupotoza kale milomo. Ipotoze, koma uchite.

Komabe imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Ntchito ikatha munthu amalima chinangwa, monga ndinachitira ine, ndipo sindinafe. Imene yandikhazika pansi masana ano ndi ina.

Ntchito itandithera ndinasanduka wowerenga makalata wa mudzi uno. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Masiku amenewo amuna ambiri anali ku Joni kumigodi, ena ku Halale, ndipo makalata awo onse ankadzera m'bokosi la positi la sukulu, monga zilili mpaka lero. Lachisanu akabwera nawo kuchokera ku boma, ahedi ankaitana mayina, ndipo amayi osadziwa kuwerenga ankabwera nawo kwa ine pansi pa mango aja, pafupi ndi thandala loyanikapo usipa. Ukudziwa kwathu kuno, kalata yochokera kunja siwerengedwa mobisa. Ukabisa anthu amafunsa kuti muli chiyani, wamwalira ndani, akutumizira chiyani chimene sukufuna tidziwe? Ndiye imawerengedwa poyera, wodutsa aliyense amaima, wa dengu amatula dengu. Inali wailesi yathu.

Ndinkawerenga bwino, Hilda, sindinama. Wolemba akakhala wachibwibwi ndinkachita chibwibwi, akakhala wodzitama ndinkatulutsa chifuwa. Amayi omwe aja ankandinena kuti ndinapita kusekondale kukatenga mimba m'malo mwa setifiketi, tsopano ankandiyalira mphasa. Ndipo kudumpha ndinkadziwa. Maso a wowerenga amatsogola, pakamwa pamabwera pambuyo. Mwamuna wina analemba kuti wakwatira mkazi wa kumeneko. Pagulu ndinawerenga kuti "ndili bwino, moni kwa onse," zinazo ndinakamuuza mwini wake kumunda tili awiri. Ndikukuuza zimenezi kuti pa zimene zikubwerazi usandiikire kumbuyo n'kumati amayi sankadziwa.

Tsiku lina anabwera Abiti Selemani, omwewa a kuseri kwa mzikiti, ndi kalata ya Isa, mwana wawo mmodzi yekhayo. Isa anali mnyamata wanthabwala. Asanapite ku Joni, akakhala pakati pa alovi, asodzi aganyu aja, pokoka khoka, anzake ankataya chingwe ndi kuseka mpaka mwini khoka ankamuthamangitsa. Chaka chimenecho makhadi a chipani anavuta kwambiri. Wopanda khadi salowa mumsika, sakwera basi, ndipo mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agule awiri, lake ndi la wa m'mimba. Isa anazimva ali kumgodi. Pakati pa kalata, atatha kunena za bulangete limene wagula, analemba kuti: "Amayi, ndamva kuti tsopano khadi akugulira ndi wa m'mimba yemwe. Ndiye mbuzi yathu yaikazi ija muigulire atatu, paja imabereka mapasa."

Ndinauona mzere umenewo usanafike pakamwa. Ndinauona, Hilda. Nthawi inalipo yokwanira kumeza malovu n'kulumphira pa moni wa kumapeto. Koma tsiku limenelo anthu anali ambiri, ndipo nthabwalayo inali yakupsa bwino, ndinamva chisoni kuitaya. Ndinaiwerenga m'mawu a Isa enieni, mpaka kulira kwa mbuzi ndinawonjezera ndekha. Anthu anagubuduka pansi. A Matola omwewa analipo, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Abiti Selemani okha ndi amene sanaseke. Anatambasula dzanja, ndinawabwezera kalata, anaimanga pansonga ya chitenje n'kumapita. Ine ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu.

Patapita miyezi ingapo kontalakiti ya Isa inatha. Anatsika basi pa boma, anthu anamuona atavala jekete latsopano. Kumudzi kuno kunafika sutikesi yokha. Amake anayenda khomo ndi khomo mpaka mapazi anang'ambika, kulikonse ankawauza kuti dzina limenelo sakulidziwa. Isa anabwera patatha zaka zitatu, miyendo itatupa ngati mitondo, mano akutsogolo palibe. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku. Ukamupatsa moni ankadzambatuka n'kuimirira chilili, ngakhale wopereka moniyo akhale mwana. Sanasekenso, sanaseketsenso munthu, ndipo mvula yachiwiri sanaione.

Maliro atatha ndinapita kukagwada pakhomo pa amake. Ndinakonza mawu ambiri, ine mwini mawu. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwali, iwe wasukulu. Maso ako sanaone?" Basi. Kuyambira tsiku limenelo sanandiuzenso china choposa "ika apo."

Tsopano wadziwa chifukwa chake m'mawa uliwonse ndowa yoyamba ndimakatula kwa Abiti Selemani ndisanatunge yathu. Uli Fomu 1 unandifunsa, manja ali m'chiuno, "Amayi, kodi agogo ajawa anakulembani ntchito? Ngakhale sikomo sanena!" Ndinakumenya khofi, iwe unalira, ine sindinafotokoze. Khofi limenelo linali langa, linangotera pa iwe. Sanena sikomo, inde, ndipo akuchita bwino. Ndikanakhala ine, madziwo ndikanamawakhuthulira pansi wobweretsayo akuona.

A Matola ndimawagwadira popereka moni. Chaka chilichonse khadi ndimagula woyamba, ndiponso ndikumwetulira. Sindinawakhululukire ndipo sindikuganizako. Abusa alalikira za makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri mpaka mawu kusasa, ine ndimangoyang'ana denga. Koma chondiwawa kwambiri n'chakuti sindikudziwa ngati amene anakanena za kalatayo anali iwowo. Pansi pa mango aja panali anthu oposa makumi awiri, onse anaseka kupatula mwini kalata, ndipo mmodzi anaseka n'kukanena. Mwina ndi amene ndimakhala naye benchi imodzi Lamulungu. Mwina ndi mmodzi wa amene anakubweretsera usipa dzulo. Ukumva zimene ndikunena, Hilda? Wokunenera sabwera ndi nkhope yokwiya. Amaseka nawe, ndipo kusekako si kwabodza.

Cholakwa china ndinachichita pa iwe, ndipo n'chaposachedwa. Chaka chako chachiwiri kukoleji unandilembera kalata ija ya tsiku limene anakutulutsani m'kalasi kuti mukaime m'mbali mwa msewu kudikira alendo akuluakulu. Unafotokoza mmene munapsera ndi dzuwa kuyambira m'mawa, mmene mayi wotsogolera nyimbo anagwetsera chitenje akudumpha, ndi mmene magalimoto anadutsira ngati mphepo osatsitsa n'komwe galasi. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kugwira khoma. Umalemba bwino, mwana woipa iwe, umandiposa. Nditatha kuseka ndinatembenuza envulopu. Inali yomatidwa kawiri. Guluu wake anali wofiirira, wopakidwa ndi chala, ndipo chivindikiro chinali chopendama. Iwe sumata chopendama, ngakhale mphasa umayala ngati ukuyeza ndi lula. Kumene inatsegulidwira sindikudziwa. Mwina wina ankangofuna kudziwa ngati uli ndi chibwenzi. Mwinanso ayi. Miyezi itatu, galimoto ikangolira kumsewu, ine ndinkathamangira kukasuzumira pampanda. Amayi a m'mudzi atandifunsa kuti mwana walemba zotani, ndinanama kuti kalata yagwera m'madzi.

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinaitentha n'kukhala chete. Utabwera patchuthi ndinatha sabata yathunthu osakulankhula, iwe n'kumayesa kuti ndakwiyira tsitsi lija unawotcha ndi chipeso chamoto. Tsitsilo linalinso loipa, koma nkhani sinali imeneyo. Ndikanakukhazika pansi nthawi yomweyo, bwenzi dzulo ndisanachite kukuponda phazi pamaso pa anthu. Ndinkaopa kuti ndikakuuza za kalata yako ndiyenera kukuuzanso za Isa, ndipo sindinkafuna kuti undiyang'ane mmene uti undiyang'anire ukatuluka kuchipindako. Chabwino, undiyang'ane. Bola umve.

Imeneyo inali kalata ya m'dziko momwemuno. Nanga ya sitampa yachilendo? Idzadutsa m'manja angati isanafike m'bokosi la sukulu? Ndipo ikafika, ukuganiza kuti ndidzaiwerengera kuchipinda? Mudzi wonse ukudziwa kuti mwana wa Eliza wapita kukaphunzitsa kunja. Ahedi akadzangoitana dzina langa Lachisanu, pofika kunyumba ndidzapeza mphasa yadzaza, mayi Matola ali kutsogolo. "Tatiwerengereni, atani aphunzitsi athu?" Ndikakana, adzati muli zobisa. Ndikadumpha, masiku ano ana awo amadziwa kuwerenga, wina adzati tabweretsani tione sitampa, maso ali pa mizere. Ndiye lamulo langa ndi limodzi, ndipo si pempho: kalata iliyonse uzilemba ngati mayi Matola akhala pambali pako akukugwirira inki. Usakandilembere zoseketsa, Hilda.

Poti ndiwe wanzeru kwambiri moti zophweka zimakuvuta, ndikupatse chitsanzo. "Okondedwa amayi, ndafika bwino. Kuno kukuzizira. Ana anga ndi aulemu, ena akuvutika ndi samu. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, nyimbo zake n'zofanana ndi zathu. Ndanenepa pang'ono. Moni kwa onse." Waona? Palibe wafa. Ukafuna kutalikitsa, lemba za ndiwo, za mvula, za mwana amene wayamba kukhoza. Koma usayerekeze kuno ndi uko. Usalembe kuti kuno anthu amalankhula momasuka, kuno nyuzipepala imanena zakuti, kuno akazi amatere. Ngakhale mawu oti "kuno n'kwabwino" uwayeze kaye, chifukwa wina adzafunsa kuti n'kwabwino kuposa kuti?

Thalauza ndikudziwa kuti ukavala. Usakane, ndinakuona mmene unkayang'anira chithunzi cha m'magazini ija. Vala, miyendo ndi yako, kumeneko si mlandu. Koma usakajambulitse, ndipo ukajambulitsa usatumize. Pobwera ukaisiye komweko, upatse ophika. Nyuzipepala zawo werenga ngati ukufuna, koma usadule kachidutswa n'kuika mu envulopu kuti amayi aone. Amayi sakufuna kuona. Ndipo usadzione ngati wochenjera n'kupatsira kalata dalaivala wa lole kuti imeneyi sidzera ku positi. Dalaivalayo ali ndi ana ake, pachipata akadzamugwedeza pang'ono adzaipereka ndi manja awiri, n'kuwonjezerapo ndi dzina la mudzi.

Kumeneko kuli anthu akwathu ambiri, matchona amene anapita kalekale osabwerera. Akadzangomva kuti pa sukulu ya mishoni imene ukupitayo pabwera mtsikana wa ku Mangochi, adzabwera ndi nkhuku kukhwapa. Adzakulankhula Chiyao chakale mpaka udzalira. Adzakufunsa ngati utaka ukugwidwabe ngati kale, ngati mtengo wakuti ulipobe. Alandire, ndi anthu, ambiri angosowa kwawo basi. Koma pakati pa nkhani wina adzatsitsa mawu n'kuti, "Nanga zinthu kumudziko zikuyenda bwanji, zenizeni?" Iwe mwana wa kunyanja, nyambo ukuidziwa. Nyongolotsi imakhala yeniyeni, koma mbedza ili m'kati. Ena mwa iwo anathawa ndipo dzina lako likangomveka pamodzi ndi lawo, kuno sudzapondanso. Ena amalemba makalata awoawo, opita kumene iwe sukudziwa. Sudzatha kuwasiyanitsa, ine ndalephera kusiyanitsa anthu a m'mudzi mwanga momwe. Yankho ndi lomwelo kwa onse: kumudzi kuli bwino, nyanja yadzaza, chimanga chacha. Akakutcha wogona, vomera. Wogona amadzuka kwawo.

Ndikumva kale zimene unene. "Amayi, ndiye moyo wanji umenewo? Mpaka liti?" Sindikudziwa mpaka liti. Ukuganiza kuti ine zimandikomera? Ukuganiza kuti ndikamavina pamsonkhano dzuwa lili pamutu, m'mutu mwanga simubwera mawu? Amabwera, akuthwa kuposa ako, ndipo ndimawatafuna n'kumeza pamodzi ndi fumbi. Sindikukuuza kuti zimenezi n'zolungama. Ndikukuuza kuti ndili ndi mwana mmodzi, monga analili Abiti Selemani.

Za abambo ako sindinafune kulemba, koma zafika pake. Nawonso ali kumeneko, kapena anali, kaya. Anapita ku Halale iwe ukukwawa, akuti kukafuna ntchito kuti adzandikwatire bwino. Analemba makalata atatu okoma ngati uchi, kenako zii. Cholakwa changa chinali kudikira. Zaka zisanu ndi chimodzi, Lachisanu lililonse ndinkakaima kuseri kwa ofesi ya ahedi, kunamizira kuti ndikudikira makalata a anthu ena. Mayina ankaitanidwa mpaka lomaliza, ine n'kubwerera kukawerengera anzanga mawu a amuna awo, m'mawu achikondi. Ukakumana naye, poti dziko ndi laling'ono, umupatse moni ngati munthu wamkulu aliyense. Za ine usamuuze kanthu, sanafunse. Ndatchula zimenezi osati kuti umve chisoni, chisoni chako sindichifuna. Ndikufuna udziwe kuti kudikira kalata yosabwera ndikukudziwa bwino, mpaka fungo la khonde la ofesi ija ndingakuuze. Ndiye zimene ndikunena tsopanozi sindikunena mopepuka.

Ndikukudziwa, Hilda. Mwezi woyamba udzalemba za kuzizira ndi samu monga ndakuuzira. Wachiwirinso. Wachitatu kudzachitika chinachake, wina adzanena zakutizakuti, ndipo mzere udzakubwerera m'mutu wokoma kwambiri, woti amayi okha ndi amene angaumvetse. Udzati kamodzi kokha, ndani aone. Udzandiona m'maganizo ndikuseka, ndipo ndikanasekadi. Pamenepo ika cholembera pansi. Pita ukachonge makope a ana. Mzerewo usunge m'mutu, sudzawola. Udzandiuze pakamwa ukadzabwera, tili pakati pa munda wa chinangwa, kopanda mpanda, ndipo ndidzaseka mpaka kugwa, ndikulonjeza.

Nawenso ukamalandira zanga usadabwe. Zidzakhala zozizira ngati phala la dzulo. "Tili bwino, denga tafolera, azakhali ako akudwala mwendo." Usadzati amayi anandiiwala kapena akadali okwiya. Mwina ndidzakhala ndikadali wokwiya, zimenezo n'zina, koma kuzizirako kudzakhala kwadala.

Ndipo ukaona kuti sungathe, kuti dzanja lako silidziwa kulemba kalata yopanda mchere, usalembe n'komwe. Wamva? Amako, amene akudziwa kuwawa kwa Lachisanu lopanda dzina, akukuuza kuti usalembe. Khala chete zaka ziwiri zonse zimene ukakhaleko. Sindidzadziwa ngati ukudwala, ngati ana akukumvera, ngati wina wakunamiza. Amayi a kutchalitchi adzandinena kuti mwana wa Eliza watchona ngati bambo wake, ndipo ndidzawayankha zimene adzapite nazo kwa abusa. Ndidzakukwiyira koopsa, ngakhale ndakulamula ndine, ukundidziwa, ndipo sindidzakukhululukira msanga. Koma mkwiyo umenewo udzabwere udzaupeze wekha, utatsika basi ndi miyendo yako, n'kufika mpaka pakhomo pano.

Ndine amako,
Eliza